Funsani Tikuyankheni: Kodi "Bwalo" Kwenikweni N'chiyani?

FUNSO: Akonzi, ine ndine mphunzitsi wa Chichewa pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Kamwendo m'boma la Mchinji. Mwana wina wa Sitandade 7 adandifunsa chifukwa chimene pawailesi amatchulira khoti kuti bwalo, malo osewerera mpira kuti bwalo, ndiponso malo otera ndege kuti bwalo, chikhalirecho kumudzi kwawo bwalo ndi pamene pamavinidwa gule. Ndidamuyankha mosakhutiritsa. Kodi chinenero chathu chili ndi mawu ochepa?

YANKHO: Aphunzitsi, mwanayo mumuyamikire, chifukwa wafunsa funso limene akuluakulu ambiri salilingalira ngakhale amatchula mawuwa tsiku ndi tsiku. Chichewa sichikusowa mawu ayi. Chimene chidachitika n'chakuti zinthu zatsopano zitafika m'dziko muno, anthu adaziyang'ana n'kuona kuti zikufanana ndi chinthu chimene ankachidziwa kale.

Pachiyambi pake bwalo ndi malo oyera, olambulidwa ndi oseseredwa bwino, opanda denga, pamene anthu amasonkhana ndipo chochitika chilichonse chimaonekera kwa aliyense. Mayi akauza ana kuti akasewere pabwalo, kapena akadzutsa mtsikana m'mamawa kuti asese pabwalo, akunena za malo a panja pa nyumba. Limenelo ndi bwalo la banja. Mudzi nawo uli ndi lake, kawirikawiri patsinde pa mtengo waukulu wa mthunzi monga kachere, ndipo ndi pamenepo pamene matanthauzo enawo adaphukira.

Tanthauzo la milandu ndi lakale kwambiri, silidabwere ndi Azungu. Nkhani ya m'banja imayamba ndi ankhoswe, ndipo amaikamba m'nyumba kapena kuseri, anthu ena osamva. Ikawakanika ankhoswe, imapita kwa nyakwawa, kenaka kwa gulupu, mwinanso mpaka kwa mfumu yaikulu monga a Mkanda kapena a Mlonyeni kwanuko. Tikati nkhani yapita kubwalo, tikutanthauza kuti yatuluka m'nyumba, tsopano aliyense ali ndi ufulu woimva. Wodandaula amalankhula, woyankha mlandu amalankhula, mboni zimafunsidwa, nduna zimathandiza amfumu kuunika, ndipo ndalama imene amapereka kuti mlandu umvedwe imatchedwa chabwalo. Choncho makhoti a boma atakhazikitsidwa, sikudali kovuta kuwatcha mabwalo a milandu, ngakhale kuti majisitireti amakhala m'nyumba ya njerwa ndi malata. Denga lidabwera, koma mfundo yoti mlandu uzengedwe poyera idatsala. Ine ndimakonda kuti ana aphunzire mawu onse awiri, khoti ndi bwalo, chifukwa loyambalo limatchula nyumba ndi ofesi, pamene lachiwirilo limakumbutsa mmene chilungamo chiyenera kuyendera. Mbiri yathu ili ndi phunziro pa zimenezi. M'nthawi ya chipani chimodzi, makhoti a mafumu adapatsidwa mphamvu zozenga milandu ikuluikulu popanda maloya oimira oimbidwa mlandu, ndipo khoti lotere ndi limene lidagamula Orton ndi Vera Chirwa kuti aphedwe mu 1983. Makhoti amenewo adatha mu 1994. Dzina la mwambo lidalipo, koma mwayi woti munthu adziteteze mokwanira, umene ndi mtima wa bwalo, udali utachepa.

Pa za gule, mwanayo sadalakwe. Pakati pa Achewa, si mfumu iliyonse imene ili ndi chilolezo chovinitsa gule wamkulu. Imene ili nacho timati ili ndi mzinda kapena ili ndi bwalo, ndipo apa mawuwa sakutchulanso dothi lokha koma udindo ndi ulemu umene mfumuyo idalandira. Onaninso kuti eni mwambo amasiyanitsa dambwe ndi bwalo. Kudambwe n'kobisika ndipo wosalowa safikako, pamene pabwalo ndi pamene gule amatulukira kuti amayi ayimbe, ng'oma zilire, mudzi wonse uonerere. Kusiyana kumeneku kukutsimikiza zomwe ndanena, kuti bwalo ndi mbali yoonekera. Gule ameneyu bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005 monga chuma cha anthu a m'Malawi, Zambia ndi Mozambique.

Za mpira n'zosavuta: pakati poyera, anthu atazungulira, maso onse ali pa ochita masewero, monga momwe zimakhalira pa gule. N'chifukwa chake bwalo la Bingu ku Lilongwe, limene lidatsegulidwa mu 2017, ndi kabwalo kafumbi ka pasukulu panupo zili ndi dzina limodzi. Bwalo la ndege, monga la Kamuzu ku Lumbadzi kapena la ku Chileka ku Blantyre, lidangotengako mbali imodzi ya tanthauzolo, yakuti ndi malo aakulu, athyathyathya ndi olambulidwa. Masiku ano mumvanso za bwalo la achinyamata kapena bwalo la alimi pomwe palibe malo enieni, koma gulu la anthu okambirana momasuka, mwina pawailesi kapena pa WhatsApp.

Si malo onse osonkhanira amene ali bwalo, ndipo ichi chingathandize ana kumvetsa malire ake. Ku Chinkhoma m'boma la Kasungu kumasonkhana alimi ambirimbiri ndi mabelo awo a fodya, koma kumeneko timati kumsika kapena kuokushoni. Kutchalitchi ndi kumanda nakonso kumadzaza anthu, koma palibe amene amakutcha bwalo.

M'kalasimo, alembetseni ana ziganizo zinayi: "Agogo akhala pabwalo," "Amalume aitanidwa kubwalo," "Osewera alowa m'bwalo," ndi "Amfumu athu ali ndi bwalo." Afunseni kuti anene chimene chikuchitika m'chiganizo chilichonse. Adzaona okha kuti timaphatikizo ta pa-, ku- ndi mu-, pamodzi ndi mneni amene ali pafupi, n'timene timauza womvera bwalo limene likunenedwa. Mukatero, atumeni akafunse agogo awo kuti bwalo la m'mudzi mwawo lili pati, ndani amalisesa, ndipo ndi nkhani ziti zimene siziloledwa kufikapo.