Apatseni mphotoyo adakali pantchito

Mayi, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati komiti ya makolo ndi aphunzitsi (PTA) pasukulu ya ana anu yagawikana. Ena akufuna kuti pa tsiku lopereka mphoto alemekezenso aphunzitsi oyang'anira laibulale, amene anakana kuchotsa mabuku awiri omwe makolo ena anadandaula nawo. Ena akuti zimenezo n'zachizungu, mphoto ndi ya amene akhozetsa ana mayeso a Giledi 12 basi. Ine ndikuti apatseni, ndipo musadikire kuti apume kaye pantchito.

Ndaphunzitsa kuno ku Lusaka zaka zambiri, ndipo nkhani yonga iyi ndinaiona ndi maso anga. Pasukulu ina, dzina sinditchula, panali mayi wina amene ankasunga makiyi a laibulale kuwonjezera pa makalasi ake, popanda ngwee ina iliyonse yapamwamba. Laibulale yake inali kachipinda kamodzi, mashelefu anayi ndi makatoni a mabuku opatsidwa. Tsiku lina kunabwera bambo wina wodziwika m'derali, atanyamula buku limene mwana wake anabwereka, lonena za mtsikana amene anatenga mimba ali pasukulu. Anakalipa mu ofesi, ndipo ahedi, pofuna mtendere, analamula kuti bukulo ndi ena onse a mtundu umenewo atsekeredwe m'sitolo. Mayi uja sanakweze mawu. Anangofunsa mwaulemu ngati bambowo analiwerenga lonse, napempha kuti dandaulolo lilembedwe papepala, aphunzitsi atatu ndi makolo awiri aliwerenge, kenaka agamule pamodzi. Zinapezeka kuti bambowo anaona masamba awiri okha. Bukulo linabwerera pashelefu. Koma mayi uja anasanduka "wamwano", makiyi anamulanda, ndipo patapita matemu awiri anamusamutsa. Tonse m'chipinda cha aphunzitsi tinkadziwa kuti iye ndiye anali pachoonadi, koma palibe anatsegula pakamwa, ngakhale ine. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero, n'chifukwa chake ndalemba zambiri chonchi.

Makolo odandaulawo sindikuwanyoza. Kholo lili ndi mphamvu yonena kuti mwana wanga asawerenge ichi, ndipo mphunzitsi wanzeru amamvera. Buku loyenera wa Giledi 11 silipatsidwa kwa wa Giledi 3, ndipo kusankha motero ndi ntchito yeniyeni ya woyang'anira laibulale. Pamene pavuta ndi pamene kholo limodzi likufuna kusankhira ana a sukulu yonse. Mwana wa ku Kanyama kapena ku Misisi, amene kwawo kulibe buku lina kupatula Baibulo ndi makope ake, alibenso kwina kokalipeza. Wa ku Kabulonga amugulira ku Manda Hill kapena aliwerenga pafoni. Mukachotsa buku pashelefu ya sukulu mwamana mwana wa mmphawi yekha.

Anthu ambiri sadziwa kuti malamulo athu amakoka mbali ziwiri. Ndime 20 ya malamulo aakulu a dziko la Zambia imati munthu ali ndi ufulu wolandira maganizo ndi nkhani popanda womutchinga. Mu Disembala 2023 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma, patatha zaka zoposa 20 anthu akulipempha. Koma mu Penal Code, malamulo a milandu amene tinawatengera kwa atsamunda, mudakali gawo 53 lopatsa mtsogoleri wa dziko mphamvu yoletsa buku kapena nyuzipepala iliyonse imene iye waona kuti siyabwino kwa anthu. Tsono mantha ochotsa buku munthu asanalamulidwe n'komwe tinakula nawo. Mabuku ambiri amene amasowa m'masukulu mwathu sanaletsedwe ndi boma ayi. Amangobisidwa mwakachetechete ndi munthu woopa kuitanidwa ku ofesi.

Za kuti n'zachizungu, n'zoona kuti ku America mwambowu unakhazikika kale. Bungwe lawo la malaibulale, American Library Association, linatsegula ofesi yoteteza ufulu wa kuwerenga mu 1967, ndipo Judith Krug anaitsogolera mpaka pamene anamwalira mu 2009. Kuyambira 1982 amakhala ndi sabata yokumbukira mabuku oletsedwa chaka chilichonse, ndipo yunivesite ya Illinois yakhala ikupereka mphoto ya Robert B. Downs kwa oteteza ufulu umenewu kuyambira 1969. Koma kulimba mtima kumeneku sikunabwere pandege. Ku Timbuktu, m'dziko la Mali, zigawenga zitalanda mzindawo mu 2012, Abdel Kader Haidara ndi anzake anazembetsa zolembedwa pamanja zakalekale zoposa 300,000, kuziika m'matiranki achitsulo n'kupita nazo ku Bamako, zina pagalimoto, zina pamabwato mumtsinje wa Niger. Amenewo ndi anthu akuda ngati ife, osunga mabuku a makolo awo.

Ndipo ife olankhula chinenerochi sitifunika kupita kutali. Abale athu a ku Malawi anakhala pansi pa bungwe lofufuza ndi kuletsa mabuku kuyambira 1968, nthawi ya Kamuzu Banda. Jack Mapanje, amene ankaphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba, ndakatulo zake zinachotsedwa m'masukulu ndi m'masitolo a mabuku, ndipo iye anamangidwa mu 1987 n'kukhala kundende ya Mikuyu mpaka 1991 osaimbidwa mlandu uliwonse. Onani apa, mayi: mu 1988, adakali m'ndende, anapatsidwa mphoto ya ndakatulo ku Rotterdam. Mphotoyo sinatsegule chitseko tsiku lomwelo, koma inachititsa kuti dzina lake lisazimirire, ndipo omutsekera anadziwa kuti maso a dziko ali pa iwo. Mphoto yoperekedwa munthu adakali pamoto imakhala chishango. Mayi wa kusukulu kwathu uja akanaitanidwa kutsogolo kwa makolo onse n'kuomberedwa m'manja, sindikhulupirira kuti akanamulanda makiyi mosavuta chonchija.

Pokonza mwambowo, musalembe pasatifiketi kuti "chifukwa chogwira ntchito molimbika" pofuna kuzemba nkhani. Nenani chimene anachita, kuti ana amve. Musawapose makolo amene anadandaula, aitaneni akhale kutsogolo, pakuti nawonso anachita zimenezo chifukwa chokonda ana awo. Aphunzitsi okhozetsa mayeso alandire zawo monga mwa nthawi zonse, palibe akuwalanda. Ngati tsiku la mphoto lavuta, pali 5 Okutobala, tsiku la aphunzitsi. Chinanso, PTA ilembe ndondomeko ya tsamba limodzi yonena zochita kholo likadandaula za buku: ndani aliwerenge, agamule pasanathe masiku angati, ndiponso kuti bukulo likhale pashelefu mpaka chigamulo chituluke. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mphunzitsi mmodzi asamasiyidwe yekha kuyang'anizana ndi kholo laukali. A bungwe la oyang'anira malaibulale, LIAZ, mukhoza kuwapempha kuti akuthandizeni kuilemba.

Mukasankha tsiku mutiuze pagulu pano. Ine ndidzabwera, ndipo ndili ndi katoni ya mabuku imene ndikufuna kupereka m'manja mwa aphunzitsi amenewo.