Lincoln ya agogo: tiikemo injini ya Toyota kapena tigulitse?

FUNSO: Akonzi, kwathu kuno ku Nkhotakota malemu agogo aamuna anatisiyira Lincoln Continental ya 1964 yomwe akuti anabwera nayo kuchokera ku Joni. Yakhala mu shedi zaka zambirimbiri mpaka nkhuku zikuikira pa mpando wakumbuyo. Makaniko wina akuti tichotse injini tiikemo ya dizilo ya Toyota, asikilapu nawo akubwerabwera ndalama zili m'manja, amalume akuti tingogulitsa basi. Nde ndipange bwanji? Mdzukulu, Nkhotakota.

YANKHO: Achimwene, chonde asikilapuwo auzeni abwerere, ndipo makanikoyo asakhudze kaye. Galimoto imeneyo si yamasewera. Ma Continental amenewa, a 1961 mpaka 1969, ankapangidwa ku Wixom, Michigan, ndipo ndi aja zitseko zakumbuyo zimatsekukira chakumbuyo. Pulezidenti Kennedy pomwe amawomberedwa ku Dallas mu 1963 anali mu Continental ya 1961 yochita kutalikitsidwa. Yanuyo inatuluka ndi injini ya V8 ya malita 7, ndipo okonda galimoto zakale amafuna injini yomweyo yobadwa nayo, mukaikamo ya Toyota mtengo wagwa tsiku lomwelo.

Koma yambani ndi mapepala, sipana pambuyo. Sakani bulubuku, makalata a pa boda, malisiti akale, ngakhale chithunzi cha agogo ataima pambali pake, zonsezo ndi mbiri ya galimoto ndipo wogula wozindikira amayamba kufunsa zimenezo asanatsekule boneti. Mbali ya dalaivala, pa chitseko kapena pa mzati wake, pali kachitsulo kolembedwa nambala ya galimoto ndi makodi a penti komanso mipando yomwe inatuluka nayo ku fakitale. Kajambuleni pa foni, musakachotse, musakapake penti. Nambalayo ndi yaifupi, musadabwe, zija za zilembo 17 zinayamba 1981. Ndiponso poti ili m'dzina la malemu ndi chuma chamasiye chimenecho, khalani pansi ndi amalume ndi onse akubanja mugwirizane musanapite ku Road Traffic kukasintha umwini, chifukwa kuthira ndalama pa galimoto yoti mawa wina adzati ndi yanga zimapweteka.

Kenako gwadani ndi tochi muone pansi. Galimotoyi ilibe chasisi yapayokha, bodi yomweyo ndi imene imanyamula zonse, nde dzimbiri likadya pansi ndi m'munsi mwa zitseko ntchito yowotcherera imakhala yaikulu kwambiri, ndipo ndi chinyezi cha kunyanja kwanuko ine ndikuda nkhawa pamenepo kuposa injini. Bayani ndi sikuludilaiva, pakaboola mwadziwa.

Musangoika batire nkuliza. Chotsani mapulagi, thirani oyilo pang'ono m'mabowomo, isiyeni masiku angapo kenako muyese kuzunguza injini ndi sipana. Ikazungulira ndi nkhani yabwino. Thanki itsukidwe, mawaya muwaone bwino poti makoswe sangawasiye, ndipo mapaipi onse a labala a mafuta ndi a mabuleki asinthidwe. Petulo wathu kuno amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, ethanol wina amachokera kwanu konko ku Dwangwa, ndipo labala yakale ija siyimvana naye, imafewa nkuyamba kudontha, pa injini yotentha ndi moto umenewo. Mabawuti ake ndi a mainchesi, 1/2 ndi 9/16, makaniko akabwera ndi masipana ake a mamilimita a Corolla angokuwonongerani mitu.

Masipeya alipo ndithu ku America, vuto ndi mtengo wotumizira ndi msonkho, komanso ikadzayenda petulo imamwa osati pang'ono. Ngati thumba silikulola panopa ikwezeni pa zidina, denga la shedi lisadonthe, nkhuku zisamuke. Mukaganiza zogulitsa, gulitsani yathunthu ndi mapepala ake kwa okonda galimoto zakale, osati pa sikelo. Titumizireni chithunzi cha kachitsulo kaja tikuthandizeni kuwerenga makodiwo.