Funsani Amisiri: Kupanga mapepala ndi manja

Funso: Ku ofesi kwathu timawotcha mapepala ambiri otha ntchito. Kodi ndingapange nawo mapepala atsopano popanda makina? Mayi wa ku Area 25

Yankho: Mungathe, mayi. Sankhani mapepala oyera a mu ofesi, chifukwa nyuzipepala zimatulutsa pepala lotuwa ndi losalimba. Chotsani mawaya ndi selotepi, ang'ambeni tizidutswa, muwaviike usiku wonse, kenaka muwasinje mumtondo mpaka akhale ngati phala. Khomani mafelemu awiri athabwa ofanana, mkati mwake masentimita 21 ndi 30, ndipo pa imodzi mukungepo neti ya udzudzu mpaka ithine. Thirani phala lochepa m'beseni lalikulu lodzaza madzi ndi kutakasa. Ikani felemu yopanda neti pamwamba pa inzakeyo, muzimize zonse, muzitulutse zili chathyathyathya mukugwedeza pang'ono. Madzi akakha, chotsani yapamwambayo, mugubuduzire pepalalo pa nsalu yonyowa. Nsalu ikakhala youma pepala silichoka bwino pa neti, limang'ambika. Sanjikizani nsalu ndi mapepala, mupanikize pakati pa matabwa awiri ndi njerwa kapena jeke ya galimoto.

Funso: Anga akumapindika, ndiponso inki ikumwazika ndikalembapo. Ndikulakwitsa pati? Mnyamata wa ku Kawale

Yankho: Mukuwayanika padzuwa, achimwene. Mbali imodzi ikauma msanga kuposa inzake, pepala limapindika. Yanikani pamthunzi podutsa mphepo, likadali pa nsalu, ndipo likatsala pang'ono kuuma mulipanikizenso usiku umodzi. Nyengo ya dzinja musaunjike mapepala achinyezi, amachita chuku. Za inkizo, pepala lanu likumwa madzi chifukwa mulibe chomatira. Phikani kaphala kamadzimadzi ka sitachi ya chinangwa, kazizire, mupake pa pepala louma ndi burashi yofewa, muumitsenso.

Ngati likuthothoka, dziwani kuti ulusi wa pepala umafupika nthawi iliyonse yomwe lasinjidwa. Mankhwala ake ndi thunthu la nthochi, lomwe alimi amangolisiya m'munda akadula mkoko. Liduleni tizidutswa ta masentimita atatu, muumitse, muphike maola awiri kapena atatu ndi washing soda (soda wochapira, osati wophikira ndiwo), magalamu 200 pa kilogalamu imodzi ya zoumazo. Chidulo chowawa bwino chimagwiranso ntchito, koma chimachedwa. Musaphikire mu poto wa aluminiyamu, soda amamudya. Tsukani mpaka madzi asiye kuterera, musinje, musakanize gawo limodzi la nthochi ndi magawo awiri a phala la mapepala.

Funso: Nanga msika ulipo muno mu Lilongwe? Bambo wa ku Likuni

Yankho: Ulipo, bambo, koma osati wa mapepala wamba. Simungapikisane ndi mapepala a kufakitale pa mtengo, ndipo tikukulangizani kuti musayese n'komwe. Kilogalamu imodzi ya zouma imatulutsa mapepala a A4 okhuthala bwino pafupifupi 130, ndiye chodula si zipangizo ayi, ndi nthawi yanu. Phindu lili pa chinthu chomalizidwa: makadi a ukwati ndi chinkhoswe, maenvulopu, timabuku tosokedwa ndi ulusi, tizikwama toikamo mphatso. Boma linaletsa majumbo opyapyala mu 2015, motero timatumba tapepala tolimba tili ndi malo m'masitolo a mphatso.

Onetsani zitsanzo kwa okongoletsa maukwati, ku malo ogona alendo, ndi kwa ogulitsa ziboliboli pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town. Chimene chimathawitsa ogula ndi kusiyana kwa makulidwe: munthu waitanitsa makadi 200, ena akubwera okhuthala, ena owonekera kuseri. Phala limachepa m'beseni pepala lililonse likatuluka, choncho muziwonjezera muyeso womwewo, ndi kapu yomweyo, musanamize felemu kachiwiri.