Ntchito ya nyengo yozizira ku Whistler

Funso: Azakhali, ndapeza ntchito yotsuka mbale pahotelo ku Whistler, Canada, kuyambira Novembala mpaka Epulo. Sindidziwako munthu, ngakhale ski (masewera otsetsereka pachipale chofewa, otchuka kumeneko) sindiitha. Ndikazolowera bwanji?

Yankho: Mwanangu, yamba ndi pogona. Lendi kumeneko ndi yoboola m'thumba, choncho pempha msanga malo m'nyumba za antchito. Mudzagona awiriawiri, inde, koma anzako oyamba udzawapeza pophika m'khitchini momwemo. Ambiri ndi achinyamata ochokera ku Australia ndi Britain, alendo ngati iwe.

Mu Disembala kumada cha m'ma 4 koloko madzulo, ndiye usamadzitsekere m'chipinda. Tsiku lopuma kaphunzire ski, ukagwe m'chipale chofewa, museke limodzi. Zakumowa usiku uliwonse ayi, malipiro amathera komweko. Ndalama zoyamba ugulire magolovesi ndi nsapato zosalowa madzi.