Timabuku tachikondi pa tchuthi: yankho kwa achemwali a ku Matawale

Achemwali, mwafunsa ngati n'kutaya nthawi kuwerenga timabuku tachikondi tija pa tchuthi cha Khirisimasi, poti bambo a kunyumba akuti nkhani zake n'zofanana ndipo mathero amadziwikiratu. Bambowo sakunama ayi. Kungoti chimene akudana nachocho n'chimene ife timagulira mabukuwo.

Munthu wavutika chaka chonse, m'mutu muli fizi ya Januwale, feteleza, ngongole ya banki m'khonde. Akatenga buku madzulo safunanso zoti mtima ukhale m'mwamba. Akufuna nkhani yoti ngakhale awiriwo ayambane pakati pa buku, mtsikana n'kulongedza katundu kuti akakwere ndege, iye akudziwa kuti abwererana basi. Kukoma kwake kuli m'njiramo: anakumana bwanji, wabisa chiyani, ayambe kupepesa ndani. Nyimbo za pachinkhoswe timazidziwa mawu onse, koma zikayamba timavinabe.

Kufananako amachita dala. Mills & Boon, kampani ya ku London yosindikiza timabuku totere, imene inayamba mu 1908 n'kudzagulidwa ndi Harlequin ya ku Canada mu 1971, imauziratu alembi ake kutalika kwa nkhani ndi mtundu wake. N'chifukwa chake ambiri sakwana masamba 200, mumamaliza Loweruka limodzi mukachapa. Za patchuthizo zimakutengerani ku tizilumba ta ku Greece kapena ku minda ya mphesa ku Italy. Za Khirisimasi nazo zimangodzaza chipale ndi moto wa m'nyumba, inu mukuwerenga mvula ikuwomba malata, phiri la Zomba litabisala m'nkhungu, mango ali m'beseni. Ine zimenezo zimandisangalatsa, chifukwa ndikafuna za kwathu kuno ndimangotsegula zenera.

Komabe si onse abwino. Ambiri akalekale, a m'ma 1970 ndi 1980, mwamuna wake amakhala wachuma koma wamwano, kukalipira mkazi, kumukoka dzanja, wolemba n'kumati chimenecho n'chikondi. Amenewo ndimawasiya pa mutu wachiwiri. Ndipo ena atsopanowa salankhula mophiphiritsa za kuchipinda, ndiye ngati muli ndi mtsikana wa Fomu 2 pakhomo, yambani mwawerenga nokha musanasiye buku pampando.

Mukatopa ndi azungu, funani ma Pacesetters, amene Macmillan inayamba kutulutsa mu 1977. Olemba ake ndi a ku Africa konkuno, nkhani zikuchitikira ku Lagos kapena Nairobi, apongozi ndi amalume alimo. Ambiri a ife Chingerezi tinachiwongolera m'menemo, tikubisa kabukuko mkati mwa buku la Biology nthawi ya pulepu. Auzeni bambowo zimenezo.

Zopeza, yendani kwa anyamata oyala mabuku akale m'mbali mwa msewu m'tauni, muchite kufukula pansi pa mabuku a sukulu, ndipo mtengo woyamba musavomere. Funsaninso atsikana a ku Chanco okhala ku Chikanda, amabwerekana kwambiri. Za pafoni zilipo, koma magetsi akathima batire imathera pomwe nkhani yafika pokoma. Musanapereke ndalama tsegulani kumapeto muone ngati masamba onse alipo, chifukwa akaunjikawa nthawi zambiri omalizira amakhala atathothoka.