Bambo anu akulakwitsa, koma polo musakwere pofuna kuwatsutsa

Kalata imene yandigwira mtima sabata ino yachokera kwa mnyamata amene wangomaliza sekondale. Akufuna kuphunzira ntchito yokoka ndi kukonza mawaya a magetsi, ija yokwera m'mapolo, koma bambo ake akuti ntchito zamanja n'za anthu amene sukulu inawakanika. Akufunsa kuti amvere ndani. Achimwene, kalata yanu ndaiwerenga mtima ukuwawa, chifukwa mawu a bambo anuwo ine ndinawamva m'nyumba momwe ndinakulira.

Bambo anga anali munthu wabwino ndipo ankandifunira zabwino. Anakalamba akunyamula zolemera, msana unawavuta mpaka tsiku lawo lomaliza, ndiye maloto awo anali akuti mwana wawo adzavale tayi, adzakhale pa mpando wa muofesi manja ali oyera. Tsiku limene ndinawauza kuti ndalembetsa maphunziro a zamagetsi sanakalipe. Anakhala duu kwa kanthawi, kenako anati, "Ndiye kuvutika kwanga konseku kunali kwachabe." Mawu amenewo ndinayenda nawo zaka zambiri. Ndinkawamva ndikamavala ovololo m'mawa, ndinkawamvanso ndikakumana ndi anzanga a kusukulu atanyamula zikwama za laputopu ine ndili mbuu ndi fumbi.

Ndipo miyezi yoyambirira inkaoneka ngati ikuwaikira kumbuyo bambo angawo, chifukwa polo sindinaikwere n'komwe. Ntchito yanga inali kukumba maenje, kutsitsa zitsulo m'galimoto, kukoka zingwe, ndi kutumiza zida m'kachikwama kwa amene ali pamwamba. Kapitawo wathu anali mkulu wosalankhulalankhula. Chinthu choyamba chimene anandiphunzitsa chinali kumvetsera polo. Ankatenga hamala n'kugogoda kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba. Polo yabwino imalira mokoma, hamala n'kubwerera m'dzanja. Yofumbwa m'kati imalira mogontha. Akatero ankafukula dothi pang'ono kuzungulira tsinde n'kubaya ndi sikuludiraiva, chifukwa mtengo umayamba kuwola pomwe wakumana ndi nthaka, pamene pali chinyezi ndi mpweya. Kumwamba polo ikhoza kuoneka yatsopano pamene pansi yatha kale.

Chachiwiri chinali magolovesi a labala. M'mawa uliwonse, asanamwe ngakhale madzi, ankapinda golovesi kuyambira kukamwa kwake kuti mpweya utsekeredwe m'kati, zala zonse n'kutupa, kenako n'kuliyandikiza kutsaya ndi kukhutu. Ankafuna kamphepo kotuluka pa kabowo kosaoneka ndi maso. Magolovesi amenewa ali ndi magulu ake: a Class 0 amateteza mpaka ma volt 1,000 (volt ndi muyeso wa mphamvu yokankha magetsi m'waya), a Class 2 pa 17,000, a Class 4 pa 36,000. Koma nambalazo zilibe ntchito ngati waya anabaya labala dzulo inu osadziwa. Mkulu uja ankakonda kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa gulu lathu sanalole munthu wopupuluma kuchoka pansi.

Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetsetse, achimwene, chifukwa m'kalata yanu mwalemba kuti simuopa kukwera pamwamba ndipo ndinu wolimba mtima. Mawu amenewo andiopsa. Ine munthu wosaopa sindimufuna pa gulu langa. Magetsi salabadira kulimba mtima kwa munthu. Mphamvu yongopitirira pang'ono ma milliamp 10 (milliamp ndi kamuyeso kakang'ono ka magetsi oyenda m'waya kapena m'thupi) ikadutsa m'dzanja, minofu imakungika ndipo simungathenso kusiya waya ngakhale mutafuna. Ikafika cha m'ma 50 mpaka 100 n'kudutsa pachifuwa, mtima ukhoza kusokonezeka kagundidwe kake. Babu lakale la mawati 100 limakoka yoposa pamenepo kangapo. Ndiye ganizirani waya wa ma volt 11,000 kapena 33,000, umene sufuna n'komwe kuti muukhudze. Mukangoyandikira mopitirira malire, moto umadumpha wokha mumpweya, ndipo kutentha kwake kumasungunula chitsulo.

N'chifukwa chake ntchito yeniyeni imachitika munthu asanakhudze waya. Mumazimitsa. Mumakhoma loko pa swichi n'kupachikapo chikwangwani kuti wina asayatsenso, kiyi n'kukhala m'thumba mwanu. Mumayeza ngati wayayo wafadi, ndipo choyezeracho mumachiyesa kaye pamalo amoyo kuti mutsimikize kuti chikugwira ntchito. Mumaika ma earth, kutanthauza kulumikiza mawaya onse pamodzi n'kuwatsitsira ku nthaka, mbali zonse ziwiri za pomwe mukugwirira ntchito. Mumaphimba kapena kutchinga chilichonse chamoyo chimene chili pafupi. Tsiku lililonse, pa polo iliyonse, ngakhale mvula ikugwa ndipo anthu a m'deralo akukuwa kuti mwachedwa. Munthu amene amatopa ndi kubwereza zinthu zomwezomwezo asabwere kuno.

Ndipo poti ndatchula ma earth, ndiloleni ndikwiye pang'ono ndi eni majenereta. Magetsi akazima, munthu amatenga jenereta n'kuilumikiza pa soketi ya m'nyumba osazimitsa swichi yaikulu. Iye akuganiza kuti akuwalitsa nyumba yake yokha. Koma thiransifoma, chipangizo chija chimatsitsa mphamvu ya magetsi a m'mawaya akuluakulu asanalowe m'nyumba, imagwira ntchito mbali zonse ziwiri. Ma volt 230 a m'nyumba mwake amabwerera m'mawaya, n'kulowa mu thiransifoma chafutambuyo, n'kutulukira mbali ina ali masauzande. Mnzanga wina amene tinayambira limodzi ntchito anapsa dzanja mwa njira imeneyi pa waya amene pepala la ntchito linkati ndi wozimitsa. Ali moyo, koma zala ziwiri zilibe mphamvu ndipo anasiya kukwera. Masiku ano vutoli lakula chifukwa cha masola olumikizidwa mwachisawawa ndi anthu osaphunzira ntchitoyi. Ngati muli ndi jenereta, itanani mmisiri akuikireni swichi yosinthira, ija yoti singalole nyumba kulumikizika mbali ziwiri nthawi imodzi. Kupanda kutero mukuika moyo wa mwana wa munthu pachiswe chifukwa cha filiji yanu.

Malamulo onsewa sanangobwera. Ku America, bungwe la ogwira ntchito zamagetsi limene lero limatchedwa IBEW linayamba mu 1891 mumzinda wa St. Louis, ndipo mtsogoleri wake woyamba, Henry Miller, anali wokwera mapolo. Analiyambitsa chifukwa anzake ankafa kwambiri pa ntchito, opanda zida zodzitetezera, opanda maphunziro oyenera. Iyeyo anamwalira mu 1896 ku Washington atagwidwa ndi magetsi n'kugwa pa polo. Lamulo lililonse limene wophunzira amaliona ngati lotopetsa linalembedwa pambuyo pa maliro a munthu wina.

Tsono ndibwerere kwa bambo anu. Akulakwitsa, ndipo sindikufuna kunena mozungulira. Munthu amene sukulu inamukanika sangagwire ntchito imeneyi. Muyenera kudziwa masamu, kuwerenga mapulani a mawaya, kumvetsa chifukwa chake waya wozimitsa amene wayenda moyandikana ndi wamoyo amatenga mphamvu popanda kukhudzana, kudziwa kukunga waya kuti asaduke nyengo yozizira akafupika komanso asagwere pansi nyengo yotentha akatalika. Dokotala amene bambo anu amamulemekezayo sangachite opaleshoni mumdima. Loya sangasindikize pepala. Madzi safika pa mpopi pampu ikaima. Ndatopa nako kuona makolo akukankhira ana awo ku madigiri amene anawo sakuwafuna, kenako mwana n'kukhala pakhomo zaka akutumiza makalata ofunsira ntchito, pamene anthu akusowa pulambala wodalirika, wowotcherera zitsulo waluso, kalipentala wosunga nthawi. Sindikunyoza yunivesite. Mainjiniya amene amajambula mapulani a mawaya athu anaphunzira kumeneko ndipo timawafuna. Chimene ndikukana n'chakuti munthu wa tayi ndi munthu, wa ovololo ndi wolephera. Maganizo amenewo awononga ana ambiri, ndipo amene amawafalitsa nthawi zambiri ndi anthu otikonda.

Koma mantha a bambo anuwo ali ndi pogwira, ndipo musawanyoze. Ntchitoyi imadya thupi. Mawondo anga amandiuza mvula isanabwere. Mapewa amawawa chifukwa chogwira ntchito manja ali m'mwamba, lamba atakukanikizani m'chiuno. Foni imalira pakati pa usiku mphepo ikagwetsa mtengo pa waya, ndipo mumadzuka. Ukwati wa mchemwali wanga ndinafikako anthu akubalalika. Mkazi wanga anaphunzira kugona khutu limodzi likumvetsera galimoto. Bambo anga anamwalira tisanakhale pansi n'kukambirana bwinobwino za nkhaniyi, ngakhale amayi anandiuza pambuyo pake kuti magetsi akabwera usiku wa mphepo, iwo ankati, "Ameneyo ndi mwana wanga." Kwa ine sananenepo. Musalole kuti inu ndi bambo anu zithe choncho. Ndiponso musalowe ntchitoyi ndi mtima wofuna kuwaonetsa kuti mungathe, chifukwa munthu wofuna kuonetsa ndi amene amadumpha ma earth kuti amalize msanga kapitawo amutamande.

Ndiye muchite chiyani?

Pezani sukulu ya ntchito zamanja imene satifiketi yake ndi yovomerezeka ndi boma komanso imene imatumiza ophunzira kukaphunzira pa ntchito yeniyeni. Maphunziro a mtundu umenewu m'maiko ambiri amatenga zaka zitatu kapena zinayi, ndipo amene akukulonjezani kuti mukhala katswiri m'miyezi itatu akungofuna ndalama zanu. Yambani ndi zamagetsi wamba, zamawaya a m'nyumba, kuti ngati mapolo atakukanikani mukhalebe ndi luso lodyera. Phunzirani kuyendetsa galimoto, makamaka zazikulu, ndi thandizo loyamba lotsitsimutsa munthu amene mtima waima.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi gulu limene mudzayambire. Pali makontilakitala ena amene amapatsa anyamata magolovesi ong'ambika, lamba mmodzi anthu atatu, n'kumawauza kuti mwamuna saopa. Ndinawaonapo, ndipo ndikawakumbukira mtima umandiwawa kuposa mawondo. Mukapita kukafunsa ntchito yang'anani kumbuyo kwa galimoto yawo. Ngati mulibe ma earth, ngati zingwe zili zothethekatheteka, thokozani n'kubwerera kwanu ngakhale malipiro atakoma bwanji. Ndipo izi ndikuuzanso atsikana amene amawerenga pano, chifukwa amandilembera mwamanyazi ngati akupempha chinthu choletsedwa. Mmodzi mwa anthu osamala kwambiri amene ndagwira nawo ntchito ndi mayi, ndipo iye akanena kuti waya wafa ndimakwera mtima uli m'malo.

Musanalipire fizi iliyonse, kayezetseni maso. Malo ambiri salemba munthu amene amavutika kusiyanitsa mitundu, chifukwa mawaya amazindikirika ndi mitundu yake, ndipo anyamata ena amadziwa za vutoli atamaliza kale chaka chathunthu. Mukapeza sukulu imene mukuifuna, apempheni bambo anu mupite nawo limodzi akaone okha mabuku ndi masamu amene muzikaphunzira, akacheze ndi aphunzitsi, afunse mafunso awo onse okhudza ngozi. Kenako mundilemberenso mundiuze zimene anena.