Makina ochapira akulira ngati chigayo

Funso: Makina anga ochapira otsegula kutsogolo amachita phokoso lalikulu akamakamula zovala, ndipo kumbuyo kwake kukutsika madzi a dzimbiri. Vuto n'chiyani? Mayi wa ku Zomba

Yankho: Mayi, mabeyaringi a dramu (chigoba chozungulira momwe mumaika zovala) atha. Zimitsani magetsi, mugwire mkombero wa dramu n'kuikweza. Ikamagwedera kapena kukhwekhwereza poizungulitsa ndi dzanja, mwatsimikiza.

Chimayamba kuwonongeka ndi seal ya labala yotchinga madzi pa shafiti, chitsulo chozungulitsa dramu. Ikang'ambika, madzi a sopo amatsuka girizi m'mabeyaringi ndipo dzimbiri limalowa. N'chifukwa chake kusintha mabeyaringi okha n'kutaya ndalama: gulani onse awiri pamodzi ndi seal. Nambala ya beyaringi, monga 6204, 6205 kapena 6206, imalembedwa pambali pa akalewo.

Chotsani lamba, pule, miyala ya simenti, mapaipi ndi masipuling'i, mutulutse thanki (chigoba chakunja momwe dramu imazungulira) n'kuitsegula pakati. Bwezerani bawuti kumapeto kwa shafiti, muikepo thabwa kuti mazinga a shafiti asaphwanyike, kenako mumenye kuti shafiti ituluke m'mabeyaringi. Polowetsa mabeyaringi atsopano m'malo mwa akalewo, menyani mphete yakunja ya beyaringi yokha, pang'onopang'ono mozungulira. Mukamenya yam'kati, mwawononga beyaringi isanagwire ntchito. Pakani girizi wosasukuluka ndi madzi pamlomo pa seal.

Yang'anitsitsaninso pomwe seal imakhudza shafiti. Pakakhala mzere wokumbika, seal yatsopano idzadonthanso posachedwa. Makina ena ali ndi thanki yomatiratu yosatseguka. Pamenepo werengerani kaye mtengo wa thanki yonse.